Kadontho ka Njinga ya Hamudi

Zuleikha anabadwira ku Ndirande, m'nyumba ya telala, ndipo anakula akumasula wailesi ya bambo ake mpaka kukwapulidwa. Lero ndiye amayang'anira maseva a kakampani kena koika timakina tolondolera njinga zamoto za kabaza. Masevawo ndi makompyuta ogwira ntchito mothandizana. M'kati mwake pulogalamu iliyonse imakhala m'kachipinda kake kotchedwa kontena, zonse n'kumagawana mphamvu ya makina ngati alendi pampopi umodzi. Ntchito ya Zuleikha n'kuona amene akutunga mopitirira.

Mchimwene wake Hamudi anali wa kabaza, ndipo njinga yake inalinso ndi kamakinako.

Tsiku lina masana foni inalira. Anali a Howard, tcheyamani wa akabaza pasiteji ya ku Chirimba.

"Achemwali, Hamudi amuchita chipongwe! Amumenya ndi hamala m'mutu, njinga atenga, mwiniwake sakuoneka. Tiuzeni ali kuti!"

Zuleikha anatsegula mapu. Mbee, palibe kanthu! Analowa m'seva yosunga mapuwo n'kupeza memore, malo omwe mapulogalamu amagwiriramo ntchito, yadzaza, purosesa, ubongo wa makinawo, ikuchita kulira. Kontena ya mapu imati ikadzuka, makina n'kuipha, ikadzukanso n'kuiphanso. Yomwe imadya zonse inali kontena yolandira ma alamu. Akabaza mukuwadziwa inu, mukakhudza mmodzi mwaputa njuchi. Ku Bangwe, ku Machinjiri, ku Zingwangwa, aliyense amadinikiza batani la ngozi osalekeza, ati kuthandiza mnzawo. Kuthandiza kwanji kotsamwitsa makina?

Sanafunse n'komwe abwana. Anazimitsa kontena ya ma alamu, memore inatsika, mapu anabwera. Kadontho kofiira ka njinga ya Hamudi kanali kataima kumagalaja a ku Chirimba. Anawauza a Howard malowo, n'kuthamangira minibasi.

Pofika anapeza njinga zili mbwee pakhomo pa galaja. Makaniko wa imvi, dzina lake Albert, anali pansi, nkhope ili magazi okhaokha. Anyamata amamuphwanya zala ndi masipanala ake omwe. Wina anamuponda pakhosi, wina amagubuduza tayala.

"Njingayi angondisiyira anthu kuti ndikonze mabuleki!" Albert analira. "Sindikuwadziwa, ana anga!"

"Hamudi ali kuti?" Zuleikha anakuwa. "Musiyeni, tifune Hamudi!"

Ndani akanamumva? Anamukankhira kumbali, anagwera pa zitsulo, mpango n'kugwa. Kenako fungo la petulo, kenako moto. Anatseka maso, koma makutu alibe chitseko, anamva zonse mpaka mkuluyo atasiya kukuwa.

Kadontho kamaonetsa pomwe pali njinga, osati pomwe pali munthu. Zuleikha amadziwa zimenezi kuposa wina aliyense mu Blantyre, koma pa foni paja mantha anamugwira, sanazinene. Mpaka lero zimamudya mumtima.

Ntchito akugwirabe. Anaiikira malire kontena ya ma alamu kuti isamadyenso zonse, ndipo akabaza akaimba kufunsa pomwe pali njinga yobedwa, amawauza kuti abwere ndi apolisi. Amamutukwana, iye n'kudula foni.

Hamudi anapezeka m'mawa wa tsiku lotsatira chipongwe chija ndi amayi opita kukagula makala, atamwalira m'ngalande m'mbali mwa msewu wopita kumagalaja kuja. Adokotala anati akanafika naye dzulo lake akanachira, popeza chomwe chinamupha n'kutaya magazi. Anzake onse aja anamudutsa pomwepo pa liwiro, akuthamangira kwa Albert.