Kabulo Kobiriwira ka Achimwene

Achimwene anga ankakonza mawotchi, koma mtima wawo unali pa mabulo, timipira tagalasi tija tinkagunditsana pafumbi tili ana. Munthu wa imvi, koma pashelefu pali mabotolo odzaza zoseweretsa! Alamu ankadandaula kuti ali pamitala ndi magalasi.

Achimwenewo ankati mabulo akale, opangidwa pamanja, amakhala ndi kachipsera pamene mmisiri anadulira galasi likadali lotentha. Opangidwa ndi makina amangoti see, ngati dazi langali.

Maso atayamba kuchita chidima, anasiya mawotchi, mabotolo aja n'kuwaphimba ndi nsalu. Ankati sangathenso kusiyanitsa kanthu.

Tsiku lina ndinawatengera kabulo kobiriwira, kobenthuka pambali, kamene ndinawabera tili kusukulu, sukulu yomwe ine ndinangoilawa. Zaka makumi anayi ndinkalumbira kuti sindinakaonepo.

"Achimwene, tandiuzeni, aka n'kakale kapena n'kadzulodzuloli?"

"Iwe, wabwera kudzaseka wakhungu?"

Ndinakaika m'manja mwawo. Anakagubuduza ndi chala chachikulu, chikhadabo n'kuima pachipsera, kenako pobenthuka paja.

"Wakuba iwe!" anatero. "Aka ndinakabenthula ndekha pamwala wakuseri kwa kalasi. Amayi anandikwapula ati ndikukunamizira!"

Anaseka mpaka misozi, chala chikadali pachipsera. Kenako anaitana alamu: "Mayi, tavundukulani mabotolowo, mundipatse limodzi pano. Koma uyu mumuseche m'matumba akamatuluka."