Tsiku Limene Tinakwirira Tiyamike mu Mchenga

Ndikukumbukira kuti woyamba kudziwa anali galu wathu, Bulaki. Masiku onse ankatsika nafe mpaka pamchenga wa kamtsinje kakumunsi kwa nyumba za boma ku Rumphi, koma tsiku limenelo anaima pamtunda, mchira uli pakati pa miyendo, n'kumalira chapansipansi. Tinamuitana, anakana. Ndinamugenda ndi kamwala, sanasunthe. Ine ndinali ndi zaka khumi, mng'ono wanga Tiyamike zisanu.

Bambo anali mesenjala pa ofesi ina, anachita kuwasamutsa kuchokera kwathu ku Ntcheu, ndiye malowo sitinkawadziwa bwino. Ine ndinkadziwa kuti mtsinje umadzaza mvula ikagwa pamutu pako, basi.

Mu layini yathu nyumba ya TV inali imodzi, ya makolo a mnzanga Lusungu. Loweruka lililonse masana ana tinkadzazana pabalaza pawo kuonera sewero lina la zamatsenga lomwe linkapitirira sabata ndi sabata. Munali mtsikana amene adani ake anamukwirira m'nthaka, kenako anadzuka maso akuyaka ngati makala, akulamula mphepo ndi dzanja. Chingerezi chake chinkatipitirira, Lusungu ndiye ankatimasulira, zina akungopeka. Tinapenga nalo seweroli. Tinkajambula chizindikiro cha mtsikanayo pachipumi ndi khala, zitenje za amayi kumanga m'khosi, kusukulu nkhani inali yomweyo. Ndipo tinali ndi masewera athu: kukwirirana mu mchenga mpaka m'khosi, kuwerenga mpaka handiredi, wokwiriridwayo n'kudzuka ndi mphamvu.

Tiyamike tinkamukaniza chifukwa anali wamng'ono. Tsiku limenelo analira kwambiri.

"Inenso ndikufuna maso amoto! Mukandikaniza ndikanena kwa amayi kuti munatenga chitenje chawo."

"Iwe kakamwa ngati wailesi," anatero Lusungu. "Bwera, koma usalire."

Kunali kumapeto kwa Novembala, dzuwa likuswa mtengo, nyenje zikulira mpaka m'makutu kuwawa. Kumwamba kunalibe mtambo ngakhale umodzi. Tinakumba ndi mbale yakale, tinakumba kwambiri mpaka kufika pamchenga wonyowa wozizira. Tinamukhazika m'dzenjemo, miyendo atatambasula, manja m'mbali, n'kukwirira. Kenako tinapondaponda kuti mchenga ulimbe, monga anachitira adani aja pa TV. Ine ndi amene ndinaponda kwambiri. Panangotsala kamutu, kakuseka.

Titawerenga kufika pa sate, nyenje zinasiya kulira. Zonse, nthawi imodzi. Kunabwera kamphepo kozizira konunkhira dothi lonyowa, chonsecho dzuwa lili phwee. Timadzi tomwe tinkayenda pakati pa mchenga, toyera masiku onse, tinasanduka ngati tiyi wamkaka, ndipo tinayamba kubwera ndi masamba, timitengo, thovu. Masamba ake anali a mitengo yomwe pafupi ponsepo panalibe.

"Waona?" ananong'ona Lusungu. "Wayamba kulamula mphepo."

Tinaomba m'manja. Mpaka lero ndimakumbuka kuti tinaomba m'manja.

Patsidya panali mayi wina, aNyaGondwe, amene ankagulitsa tomato kumsika ndipo anali ndi dimba pamenepo. Anaweramuka, anayang'ana madzi, anayang'ana ife, n'kutaya ndowa.

"Maji ghakwiza! Chimbirani! Thawani, ana inu, madzi!"

Kenako anaona kamutu kaja pamchenga. Sindinaonepo munthu wamkulu akuthamanga choncho. Ine ndinagwira Tiyamike m'khosi kuti ndimukoke, sanasunthe. Ndinakumba mpaka kupeza mkono, ndinakoka, analira kuti ndikumuthyola. Madzi anali atafika kale m'mapazi mwathu, ozizira ngati a mufiriji, ndipo paliponse pamene ndakumba mchenga unkabwereramo. Mchenga wonyowa umagwira, anthu inu, umagwira ngati munthu. Kumtunda kunkamveka chiphokoso ngati lole ikutsika phiri, koma msewu kunalibeko.

ANyaGondwe anagwada m'madzimo, anakumba ndi manja onse awiri ngati galu, akutikalipira kuti tikumbe mbali inayo. Madzi anafika pachibwano cha mwana. Anamupisa manja m'khwapa, anakoka kamodzi, kawiri, kachitatu mchenga unamusiya. Tinakwera mtunda tikukwawa. Titacheuka, pamene tinakhala paja panali madzi ofiira okhaokha, akugubuduza chitsa chachikulu. Mbale ija ndi chitenje cha amayi sitinazionenso.

Tiyamike sanalire. Anangondiyang'ana n'kufunsa: "Achemwali, maso anga ayaka?"

ANyaGondwe anakhala pansi, akupuma movutika. Atapezako mpweya anandigwira khutu, osati mopweteka. "Mwana wane, kuno mvula imagwa ku Nyika, ife timangolandira madzi ake. Ukaona masamba m'madzi usayang'ane kumwamba. Thawa."

Amayi sanandimenye. Bola akanandimenya. Anandipatsa beseni n'kundiuza kuti ndimusambitse ndekha mng'ono wangayo, iwo atakhala pakhonde. Mchenga unali m'makutu, m'tsitsi, m'kamwa. Ndinasintha madzi katatu.

Pano ndili ndi ana awiri, Wongani wa zaka zisanu ndi ziwiri ndi Chisomo wa zitatu, ndipo tikukhalabe ku Rumphi konkuno. Amaonera masewero a mtundu womwewo pafoni ya bambo awo, anthu owuluka, anthu ofa n'kudzukanso. Mwezi wathawu ndikuchokera kumpopi ndinamva kuti pakhomo pali zii, ndipo mayi aliyense amadziwa kuti zii wa ana si wabwino. Ndinawapeza kuseri, pamulu wa mchenga womangira nyumba wa aneba. Chisomo anali atakwiriridwa mpaka m'chiuno, Wongani akupondaponda, akuwerenga.

Ndinamuzula mwanayo. Ndinafuna kuswa foniyo, ndinafuna kuthyola kamtengo. Koma ndinadziwa kuti ine ndili mwana chikwapu sichikanandiuza kanthu, chifukwa sitinkachita mwano, tinkakhulupirira. Mwana amakhulupirira zimene waona mpaka thupi lake litamuuza zina.

Ndiye ndinamuimika Wongani m'dzenje lomwelo, ndinamukwirira mpaka m'mawondo, ndinaponda, n'kuthirapo ndowa yonse ya madzi ndinabwera nayo ija.

"Tuluka," ndinatero.

Anaseka, anakoka mwendo. Anakokanso. Kuseka kunatha.

"Amama, sizikutheka."

"Lamula mphepo."

"Amama!"

Ndinawerenga mpaka teni mumtima, misozi ikutsika, kenako ndinagwada n'kumukumba ndi manja anga. Usiku sunafike asanandifunse chifukwa chake ndinalira, ndipo ndinamuuza zonse za amayi ake aang'ono, a Tiyamike, osabisa kuti woponda kwambiri ndinali ine.

Foni sindinawaletse. Koma saonera okha. Ndimakhala pakati pawo, mmodzi uku wina uku, ndipo munthu akadzuka m'manda pa seweropo ndimaimitsa kaye, n'kufunsa Wongani kuti mchenga umatani. Amayang'ana mawondo ake, n'kuyankha kuti: "Umagwira."