Tinangogwada pa Geti

Kapepala ka ku polisi kanandipeza Lachiwiri m'mawa, mu Okutobala, ndikuyamwitsa mwana pakhonde. Amene anabwera nako ndi bambo wina wa chitetezo cha m'mudzi, munthu amene timapemphera naye limodzi ku Mpanshya. Sanandiyang'ane kumaso.

"Ba mayi, ni mafunso chabe pang'ono," anatero. "Mwana musiyeni, muzabwela manje manje, simuzachedwa."

Ndinamvera. Mwanayo anali asanayambe kukwawa, ndipo phala anali atangoyamba kulawa. Ndinamuchotsa kubere asanakhute, n'kumupereka kwa apongozi anga.

Nkhani yake inali iyi. Kampani ina inkakonza msewu wafumbi wopita ku Shikabeta, ndipo m'mawa uliwonse inkalemba aganyu pa geti. Amuna ankalowa. Akazi tinkauzidwa kuti ntchito yathu ndi imodzi yokha, yogwira mbendera yofiira yoimitsira magalimoto, ndipo ndi ya eni dera. Ine ndinabadwira konkuno, mchombo wanga unakwiriridwa konkuno, koma chitupa changa chimatchula mudzi wa atate ku Petauke, m'chigawo cha kum'mawa, kumene ndinapondako kamodzi kokha, pa maliro. Kapitawo akachiona ankachibweza ndi zala ziwiri. "Imwe ba kum'mawa, nchito yanu ili kwanu." Mayi wobereka mwana kumbuyo kapitawoyo sankamuyankha n'komwe, choncho popita kumeneko wanga ndinkamusiya kunyumba, mabere nditawamanga ndi chitenje m'kati mwa bulauzi.

Lolemba la sabata lomwelo tinapangana azimayi, Asoli eni derawo ndi ife a kum'mawa, kuti tikapemphe mkulu wa kampani ntchito ya fosholo ndi wilibala. Matumba a makala timasenza, nanga fosholo ingatikanike? Anzanga anasankha ine kuti ndiyankhule, poti ndimadziwako kachingerezi. Galimoto ya mkuluyo itaima pa geti, tinachita zimene tinaphunzitsidwa tili ana: munthu wamkulu suyankhula naye uli chiimire. Tinagwada patsogolo pake, n'kuomba m'manja. Ndinanena mawu athu. Iye sanatsike. Anatsitsa galasi, n'kutijambula ndi foni. Malole a miyala anaima kumbuyo kwathu akuliza mahutala, koma ife sitinasunthe, chifukwa kudzuka wamkulu asanayankhe ndi mwano. Atakweza galasi, tinadzuka, tinasasa fumbi m'mawondo, tinabwerera kwathu.

Ku polisi anandivulitsa nsapato ndi mpango wa kumutu. Wapolisi wofunsa mafunso anandionetsa chithunzi chija.

"Uyu ni ndani?"

"Ndine, bwana."

"Muchita chani apa?"

"Tagwada, bwana. Tipempha nchito."

"Ba kampani bakamba ati munatseka msewu. Aba bazimayi ba kuno ni banthu ofatsa. Anabatuma ni ndani? Ni imwe obwela mumaleta msokonezo."

Ndinamuuza kuti ndasiya mwana woyamwa. Anayankha kuti zimenezo ndikambe ndi mkulu wa pa polisipo akabwera. Mkuluyo sanabwere tsiku limenelo, ndipo mawa lakenso sanabwere.

M'selo munali chidebe pakona ndi kawindo kamodzi m'mwamba. Ndinapezamo mayi wina wachikulire amene anamugwira ndi kachasu. Pofika madzulo mabere anga anali atatupa, olimba ngati maungu aawisi. Bulauzi inanyowa, inauma, inanyowanso. Mayiyo anandiyang'ana kwa nthawi, kenako anati, "Finya, mwana wanga, ungadwale." Munalibe kapu kapena mbale. Mkaka wa mwana wanga ndinaufinyira m'chidebe chomwe tinkakodzeramo. Sindinalire. Ndinkangoganiza kuti nthawi ngati ino mwanayo akanakhala atagona.

Lachitatu anandiitananso, mafunso omwe aja. Ankafuna ndinene kuti ndine ndinakopa anzanga. Ndinabwereza kuti tinangogwada. Kuyambira tsiku limenelo khutu langa lakumanzere silimva bwino.

Lachinayi mnzanga wina wa Chisoli, amene pa geti paja anagwada pambali panga, anandibweretsera mbatata zophika. Anamulola kuima pakhomo pang'ono.

"Mwana alila, koma alipo," anatero. "Ba apongozi banu bamupatsa phala na tiyi." Anayang'ana wapolisi, n'kutsitsa mawu. "Dzulo tinabwela tonse kuzakupemphelani kuti bakutulutseni. Koma tinakamba tili chiimile. Tinaopa kugwada."

Ndinadya mbatata imodzi, zina ndinapatsa mayi wa kachasu uja. Tsiku limenelo mkaka unatuluka wochepa, ndipo ndinaona zimenezo monga munthu amaonera mvula ikugwa m'munda wa eni.

Ananditulutsa Lachisanu masana, opanda mlandu, opanda khoti. Wapolisi uja anandibwezera nsapato ndi mpango. "Nkhani yasila. Ba kampani bakukhululukilani. Koma musakapondeko futi pa geti paja." Ndinathokoza. Mawondo anga anayamba kupinda okha mwa chizolowezi, ndipo ndinawaletsa.

Minibasi yobwerera inadutsa pamene ankakonza msewu. Amene anatiimitsa ndi mbendera yofiira anali mwamuna wa ndevu. Kondakitala anati kuyambira Lolemba lija kampani inasiyiratu kulemba akazi, ngakhale eni dera.

Kunyumba ndinapeza apongozi atakhala pamphasa, mwana ali pamiyendo. Anali ataonda m'khosi. Ndisanapereke ndi moni womwe, ndinayamba kumasula bulauzi. Apongozi anandigwira dzanja, mofatsa.

"Iyayi, mai wake. Mkaka wagona kunja masiku onsewa, wasasa. Mufuna mwana atsegule m'mimba? Uyu tamuletsa kale kuyamwa."

Ndinkadziwa kuti anamwino a ku sikelo amatsutsa zimenezo, koma mphamvu zokangana ndi munthu amene anagona maso ndi mwana wanga ndinalibe. Ndinadikira mpaka atapita kukatunga madzi. Ndinalowa m'nyumba, ndinatseka chitseko, ndinamuika kubere. Anandiyang'ana, ananunkhiza, kenako anatembenuzira nkhope kukhoma n'kuyamba kulirira agogo ake. Ndinayesanso mawa lake, ndi mkuja. Sabata isanathe mkaka unauma.

Anthu amati ndinachita mwayi, ndinatuluka dzina langa lili loyera. N'zoona. Ndili ndi ufulu wopita kulikonse kupatula pa geti limodzi, ndipo msewu unatha, geti lomwelo analizula. Ukali ndilibe, ndaufunafuna koma sindiupeza. Kutchalitchi ndimagwadabe. Kwina kulikonse ndisanagwade ndimayamba ndacheuka, kuona ngati kumbuyo kukubwera galimoto.

Mwana uja tsopano akuthamanga, ndipo ndi wathanzi. Akagwa n'kudzipweteka, amadzuka akulira, amandidutsa pamene ndakhala, n'kupita kwa agogo ake.