Chitseko cha Bambo a Yohane

Amene wandikakamiza kulemba izi ndi mlamu wanga Esinala, akuti ndimangokhala duu ngati munthu woti sanayendeko. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6, ndiye muziwerenga choncho.

Ndinachoka kwathu ku Ntcheu bambo a Yohane atamwalira. Abusa ena amapita ku Nairobi ndi banja lawo, amafuna wophika. Ndinangoti ndipita. Nyumba ndinatseka, kiyi n'kumusiyira Yohane, mwana wanga woyamba. Sindinalire.

Abusawo atabwerera, ine ndinatsala ku Nairobi komweko, dera la South C, kugwira ntchito kwa mayi wina wachiswahili, Bi Zuhura. Zaka naini. Lamlungu ndimakwera matatu, maminibasi awo aphokoso aja, kupita ku Kawangware kukangomva anthu akulankhula Chichewa. Tiyi wawo amathira jinja, mpaka ndachoka osamuzolowera.

Chaka chilichonse mayiwo amanditenga pa sitima kupita kwawo ku Mombasa. Msewu wawo ndi wopapatiza, galimoto imadutsa movutikira, kumapeto kwake kuli doko lakale kumene zinkafikira zombo za Aluya. Nyumba zake za miyala ya m'nyanja, makhonde a matabwa ali m'mwamba, zitseko zogobagoba za misomali ikuluikulu yamkuwa. Ina akuti inali positi ofesi nthawi ya azungu. Ntchito yanga inali kupaka mafuta chitseko chawo, kaduwa kalikonse ndi kansalu.

Tsiku lina ndinafunsa, "Mayi, ndalama muli nazo, bwanji osagwetsa n'kumanga yatsopano?"

"Boma silingalole," anatero. "Ngakhale litalola, chitseko ichi anagoba agogo a agogo anga. Kwanu mulibe zotere?"

M'pamene ndinakumbukira yathu. Njerwa anaumba okha bambo a Yohane, chitseko cha mlombwa anapala okha, paja anali kalipentala. Ndinati ndikabwerera ndizikachipaka mafuta ngati kuno. Koma pa foni sindinamuuze Yohane. Timangokamba za feteleza, za fizi, za amene wamwalira. Mwana ungamuuze bwanji kuti asamale nyumba yong'aluka? Akanati amayi apenga.

Ndinabwerera kwathu m'mwezi wa Julaye. Yohane anandichingamira pa siteji akungoseka. Titayandikira pakhomo anati, "Amayi, tsinzinani!"

Nditatsegula maso, nyumba yatsopano, malata abuluu, chitseko chachitsulo, pamalo pomwepo pamene panali ija. Mudzi wonse nthungululu. Esinala akuti, "Mlamu, mwana wakuchotsani manyazi!"

Ndinamukokera pambali Yohane. "Nanga chitseko cha bambo ako?"

"Chakale chija? Tinatsekera khola la nkhumba. N'cholimba, amayi, sizithawanso."

Ndinavina nawo, ndinathokoza. Mwana sanalakwe, kwathu mwana wabwino amatero: chakale ndi umphawi, amachichotsa mayi asanafike. Ndimagona momwemo ngati ndili pa lendi. Kukholako sindinapiteko.

Mukawerenga mupatseko anzanu, makamaka amene ali kunja. Ngati pali chimene mukufuna mukachipeze chili chilili, imbani lero munene, ngakhale akusekeni.