Golovesi Limene Linapukuta Oyilo wa Achidakwa

Ndikukumbukira bwinobwino tsiku limene achemwali anga a Sitela analowa m'tchalitchi atavala golovesi limodzi. Anthu akaona chithunzi cha ukwatiwo amayesa inali fashoni ya nthawi imeneyo. Ayi ndithu. Linalo linatha ndi galimoto ya ababa.

Ababa anali makaniko ku galaja ya pa esiteti, kumene ankakonza mathirakita ndi malole onyamula tiyi. Bwana wina atapuma ntchito n'kumabwerera kwawo, anawasiyira kagalimoto kamene kanakhala zaka kuseri kwa galajako, nkhuku zikuikiramo mazira. Kanali kofiira, kotsika ngati kagona chafufumimba, mipando iwiri yokha, denga la lona lopindira kumbuyo. Anali magalimoto aja opangidwira liwiro basi, osati opitira kuchigayo. Ababa anakakoka ndi thirakita mpaka kunyumba, anakaphwasula, n'kukamanganso, mpaka Lamulungu lina kanatsokomola kenako n'kubangula. Agalu onse a m'malaini a antchito anathawira m'tiyi. Ena sanabwerere mpaka lero.

Dzina loti Achidakwa anapereka ndi amayi, chifukwa galimoto imeneyi inkamwa oyilo ngati munthu wa kachasu tsiku la malipiro. Mukailiza m'mawa inkayamba yalavula utsi wabuluu wonunkha ngati mafuta opserera pa chiwaya cha tchipisi, ndipo ine ndimakhulupirira kuti udzudzu unatha kwathu konse mpaka ku Khonjeni chifukwa cha utsi umenewo. Amayi ankati ikudwala, aigulitse kwa ogula zitsulo. Ababa ankakana. Ankati injini zakale zothamanga zimatero ndithu: oyilo wina pang'ono amadutsa n'kukapsera limodzi ndi petulo, ndipo ukamaikoka kwambiri m'zitunda imamwanso kwambiri. Kumwako si matenda. Matenda ndi mwini galimoto amene sayang'ana kuti yamwa wochuluka bwanji. Oyilo akatha zitsulo zimakhulana zouma, injini n'kunoka, basi, nkhuku zibwereremo.

Tsono vuto la ku Thyolo ndi loti kulibe malo athyathyathya. Inu okulira ku Chikwawa simungamvetse. Kwathu nkhuku ikaikira dzira pabwalo, amadya ndi aneba akumunsi. Ndipo oyilo sayezedwa pachitunda. Achidakwa akaima mphuno itayang'ana uku, kachitsulo koyezera kaja, dipisitiki, kankati oyilo wadzadza. Mukawatembenuza, kankatuluka kouma ngati sanalawepo chibadwire. Galimoto yomweyo, oyilo yemweyo, mayankho awiri. Malo okhawo amene ababa ankawakhulupirira anali pa sikelo, shedi ya simenti ija imene othyola tiyi ankayezetsapo masamba awo, kumunsi kwa malaini athu.

Ulendo uliwonse unkayambira pamenepo. Ababa ankamasula buleki osaliza injini, Achidakwa n'kumatsetsereka mwakachetechete mpaka pa simenti. Ankatsegula boneti, kusolola dipisitiki, kuipukuta, kuibwezera mpaka kumapeto, kuisololanso. Yoyamba ija ankati ndi yabodza, yoona ndi yachiwiri. Oyilo ankayenera kukhala pakati pa timizere tiwiri ta kunsonga. Chopukutira chinali kansanza ka vesiti yakale, kokhala pansi pa mpando, ndipo palibe ankaloledwa kukagwira. Ngati injini yalirapo kale, pankafunika kudikira kuti oyilo yense atsikire pansi, ndipo ababa ankangoima manja m'thumba kuyang'ana mapiri. Ankatero ngakhale kukhale changu chotani. Mng'ono wanga anatsala pang'ono kubadwira pa sikelo pomwepo, bwenzi kapitawo atamuyezeratu makilo.

A Sitela anapeza banja ndi telala wina wa ku Goliati, alamu anga a Yohane. Tchalitchi cha kumeneko chinali chaching'ono, ansembe ankangobwera mwa apo ndi apo. Akabwera ankadalitsa maukwati onse odikira pa Misa imodzi, kenako n'kukwera njinga yamoto kupita kwina. Wochedwa ankadikira ulendo wina, kaya pakapita miyezi, mbuzi zitaphedwa kale, thobwa atasasa. Achibale a alamu anati atumiza minibasi. A Sitela anakana. Kuyambira ali ku pulayimale ankanena kuti tsiku lawo adzafika pa tchalitchi ndi Achidakwa, ababa akuyendetsa. Akuchimunawo anangoti chabwino, koma mukachedwa musadzatinamizire ife.

Lachisanu lake, Achidakwa anagwira ntchito ya bulu. Anapita ku Masambanjati kukatenga nthochi, anabwerera kukatenga nkhuku, anapitanso chifukwa wina anaiwala anyezi. Zitunda zonsezo. Ababa pofika dzuwa linali litalowa, injini ikutentha ngati mbaula, ndiye anati ayeza m'mawa.

M'mawa mwake munali mwa azakhali a Rozina. Amenewa ndi achemwali awo a ababa, aakulu, okhala ku Limbe, ndipo ndi amene anali apampando a zokongoletsa. Magolovesi oyera aatali amene a Sitela anavala anali a azakhaliwo, a pa ukwati wawo, osungidwa m'sutikesi ndi mankhwala a njenjete. Ababa ali kubafa, azakhali ndi gulu lawo anawagwira Achidakwa. Maliboni anadutsa pamwamba pa boneti, kulowa kunsi, kutulukira mbali inayo, mfundo pamwamba pa mfundo. Maluwa a tishu, mabaluni, selotepi yokwana kumata denga la sukulu. Ndiye anasesa m'kati, kutulutsa zonse zimene anati ndi zinyalala: masipanala, chigubu cha oyilo, ndi kansanza kaja, kamene kanapita pamoto wophikira mbuzi.

Ababa anatuluka atavala suti, anayang'ana boneti, anayang'ana achemwali awo. Kwathu mlongo wamkulu sumukanira pamaso pa alendo. Anangolowanso m'nyumba, patapita kanthawi anatuluka ndi mphatso yokulungidwa bwino m'pepala lonyezimira, ya liboni pamwamba, n'kundipatsa kuti ndinyamule. Ine malo anga anali kamphako ka kuseri kwa mipando, mawondo kukhudza makutu. Mphatsoyo inali yolemera, ndipo galimoto ikagwedezeka inkamveka khuchukhuchu.

Za kutsetsereka mwakachetechete azakhali sanafune kumva. Ukwati si maliro, anatero. Injini ilire, hutala ilire. Tinanyamuka ndi utsi wathu, kumbuyo kukubwera lole ya pa esiteti itadzadza amayi ovala nsalu imodzi, akuimba, azakhali ali kutsogolo ndi dalaivala. Kunali kachiperoni kowaza pang'onopang'ono, tiyi yense akununkhira chinyezi. Titafika pa sikelo, ababa anakhota, kukwera pa simenti, n'kuzimitsa injini.

Nyimbo inadukira pakati. Azakhali anatsika lole isanaime bwino, n'kulunjika kwa ababa.

"Pitala! Yafa?"

"Ayi achemwali. Tikudikira oyilo atsike."

"Atsike kuchokera kuti? Ali mumtengo?"

Ababa anali ataika kale manja m'thumba, akuyang'ana mapiri. Tsoka lake linali Loweruka logwira ntchito, othyola tiyi anali pamzere ndi madengu awo kumsana. Anatizungulira onse. Mayi wina anakuwa kuti, "Akapitawo, mkwatibwi uyu ayezedwe kaye, tione ngati akuchimuna sakuluza!" Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. A Sitela sanaseke. Anali chikhalire pa mpando, maluwa pamiyendo, akuyang'ana msewu wa ku Goliati. Ndinkaona kumbuyo kwa khosi lawo thukuta likutsika, kunja kukuzizira chonchija.

Ababa atakhutira kuti oyilo watsika, anatulutsa kampeni ka pa makiyi n'kudula maliboni. Liboni lililonse likaduka, azakhali ankalira ngati adulidwa chala. Boneti inatseguka, maluwa a tishu n'kugwera m'matope. Anasolola dipisitiki, dzanja linalo n'kupita pansi pa mpando mwachizolowezi. Panalibe kanthu.

Apa mpamene zinavuta. Kapitawo anapereka thumba la saka, ababa anati lili ndi mchenga, ndipo mchenga ukalowa mu injini ndi imfa. Wina anabweretsa masamba a tiyi, anati ndi onyowa. Matishu anali atasanduka phala. Amayi a mu lole aliyense anagwira nsalu yake yatsopano n'kuyang'ana kumbali. Ababa anayang'ana shati yanga yoyera. Ine ndinamira m'kamphako muja mpaka kungotsala tsitsi. Nthawi ikupita, dalaivala wa lole akuloza wotchi, azakhali akulumbira kuti Misa yayamba kalekale, kuti mwana akhala mbeta chifukwa cha kachitsulo.

"Ababa," anatero a Sitela, "mukapanda kuyeza, tikafika?"

"Mwina tikafika, mwana wanga. Mwina tikathera pa chitunda chachikulu chija. Sindikudziwa. N'chifukwa chake ndikufuna ndione."

A Sitela anaika maluwa pambali, anagwira nsonga za zala za kumanzere, n'kusolola golovesi lonse mpaka kuligwira m'manja.

"Dzanja ili likufunika mphete basi. Pukutani tizipita."

Phokoso limene azakhali anatulutsa, mbalame zinauluka mpaka ku fakitale. Ababa analandira golovesilo ndi manja awiri, ngati akulandira mbale kwa apongozi. Anapukuta, mzere wakuda n'kudutsa pa chikhatho chonse. Anabwezera, anasololanso. Oyilo anali atangonyowetsa kansonga kokha, kutali kunsi kwa kamzere kapansi. Sanaonetse gulu, sanaonetse azakhali. Anangotembenuzira kwa a Sitela, a Sitela n'kugwedeza mutu. Kenako anati ndiwapatse mphatso ija. Anamasula liboni mosamala, kufunyulula pepala, chigubu cha oyilo n'kutulukira. Othyola tiyi anaimba nthungululu.

Musaganize kuti anangokhuthulira. Wochuluka kwambiri nayenso amaononga. Ankathira pang'ono, kudikira, kupukuta, kuyeza, kuthiranso. Pomwe oyilo ankafika pa kamzere kapamwamba, golovesi lija linali litada ngati la wootcha makala.

Zimene zinatsatira ndi zimene ndimauza anthu n'kumati ndikunama. Ababa anali munthu woyendetsa pang'onopang'ono moti njinga zakapalasa zinkatipitirira. Tsiku limenelo anawalola Achidakwa kuchita chimene anabadwira. Mizere ya tiyi inasanduka nsalu imodzi yobiriwira. Mabaluni anaphulika okha ndi mantha. Velo la a Sitela linkandikwapula kumaso, ndipo ndinameza tizilombo tokwana ndiwo za banja lonse. Pa chitunda chachikulu chija injini inabangula osatsokomola ngakhale kamodzi. Lole ya azakhali tinaisiya ikadali pa vesi yoyamba.

Pa tchalitchi tinapeza akatekisiti ali pakhomo, dzanja lili pa chitseko. M'kati maanja ena anali atadalitsidwa kale, ansembe ali pa banja lomaliza, ndipo alamu anga a Yohane ataima okhaokha kumapeto kwa mzere, kolala itanyowa, achibale awo akunong'onezana. A Sitela anatsika, anakonza velo, n'kuyenda osathamanga, dzanja lina loyera, lina lopanda kanthu, fungo la oyilo likuwatsatira mpaka kuguwa. Ansembe anayang'ana manjawo, anayang'ana ababa amene ankapukuta zala kuseri kwa jekete, n'kupitiriza. Ndinamva pambuyo pake kuti akwatibwi enawo analimbana ndi magolovesi awo mpaka kukoka ndi mano. Ya a Sitela mphete inangolowa.

Azakhali anafika Misa ikutha. Ababa anayesa kuwabwezera golovesi lawo atalichapa ndi petulo, azakhali anati ababawo alisunge adzalowe nalo m'manda. Linakhala pansi pa mpando, m'malo mwa kansanza kaja. Mpaka pano azakhali akabwera kumudzi sakhala mbali imene kuli galimoto.

Masiku ano ine ndimayendetsa galimoto ya abwana ena ku Blantyre. Ilibe ndi dipisitiki yomwe. Oyilo akachepa imalemba yokha pa kagalasi, ine n'kungoipereka ku galaja. Anyamata a kabaza nawo amangothamanga mpaka njinga itanoka, kenako n'kumati awalodza. Palibenso amene amaima manja m'thumba kudikira kuti china chake chitsike.

Ababa atapuma ntchito anasamukira ku Khonjeni, Achidakwa n'kuwakoka ndi chingwe. Zitsulo za galimotoyo zinasowa, matayala anaola. Achidakwa ali kuseri kwa nyumba pa njerwa, ndipo njerwazo ababa anaziyala okha, kuyeza ndi beseni la madzi mpaka galimoto inakhala mowongoka, malo okhawo athyathyathya m'mudzi monse. Lamulungu lililonse akabwera ku Misa amatsegula boneti, kusolola, kupukuta ndi golovesi lija, kubwezera, kusololanso. Ulendo wapitawu ndinaima pambali pawo. Oyilo anali pa kamzere kapamwamba, pomwe wakhala zaka zonsezi.

"Mwaona," anakuwa amayi ali pakhonde, "Achidakwa anatembenuka mtima. Anasiya kumwa."

Ababa anayang'ana kachitsuloko nthawi yaitali, kenako anakabwezera pang'onopang'ono.

"Eya," anatero. "Ndimangoti mwina tsiku lina ndidzapeza wachepako."