Mtengwa sayankha moni ali pampando

Mng'ono wanga adapita ku chitengwa cha ku Nsaru ali kale ndi lupasi, matenda aja thupi limadziukira lokha. Mapiritsi ake adamutupitsa masaya, amayi a mvano n'kumati banja lamuyanja. Ine ndinkangokukuta mano.

Kenaka kudabwera ululu m'chiuno, chakumanzere. Ndidamuperekeza ku chipatala mu tauni. Atamujambula, dokotala adatiuza kuti mutu wa fupa la ntchafu ukufa chifukwa magazi sakufikako, ndipo mankhwala omwe ankamusunga ndi moyowo adathandizira vutoli. Komabe fupalo lidali lisanaphwanyike. Adati akaliboola kabowo likhoza kupulumuka, bola podikira opaleshoniyo aziyendera ndodo, asasenze kanthu, asagwade.

Dokotalayo sankadziwa kuti akulankhula ndi mtengwa. Kwathu kuno mtengwa sapereka madzi kwa apongozi ali chilili, sayankha moni ali pampando. Apongozi ake, mayi wolemekezeka mumpingo, adamuyang'ana masaya aja nati munthu wonenepa chonchi ndodo n'zachiyani, anthu aziti tikumuzunza. Mlamu wanga, mwamuna wakeyo, sadamuikire kumbuyo, ngati akukamba za mkazi wa mnzake. Ndodo zija zidakapachikidwa m'chigafa pamodzi ndi fodya. Mwanayo ankagwada m'mawa, madzulo, pamaliro, pobwera alendo. Ndikamuimbira foni ankandinamiza kuti akuyendera ndodozo.

Tsiku lake litakwana adamujambulanso. Mutu wa fupa udali utaphwanyika. Zoboola zija zidathera pomwepo, chidatsala n'kuika wachitsulo, ndipo odikira wachitsuloyo ndi ambiri. Mlamu wanga adabwera naye kwathu ku Kabudula pa njinga yamoto, akuti adzapumeko. Mpaka lero sadabwere kudzamutenga, ndipo sindidamukhululukire.

Chimanga chitacha apongozi aja adabwera kudzazonda matenda, atanyamula kankhuku. Mng'ono wanga atangowaona pabwalo adayamba kutsetsereka pampando, nkhope ili khwinyaa ndi ululu. Ndidamugwira phewa.

"Khala pomwepo iwe."

"Achemwali, ndisiyeni," adatero chapansipansi. "Mukufuna aziti sitidaleredwe eti?"

Adachotsa dzanja langa, nagwada pa dothi, nawomba m'manja. Podzuka tidachita kumunyamula awiri, ine ndi amayi athu, iye akulira mosatulutsa mawu, apongoziwo akuyamikira kuti koma mwanayu ndi waulemu.