Zenera Loyang'ana Kumanda

Ndikukumbukira chaka chimene amalume anga a Twaibu anabwerera kwathu ku Chikweo kuchokera ku Joni. Ndinali kamtsikana ka Sitandade 4. Munthu akamachoka ku Joni tinkayembekezera njinga, wailesi ndi mabulangete olemera aja. Iwo anatsika galimoto pa Nselema ndi chikwama chimodzi ndi kabokosi kachitsulo kokhoma ndi loko. Amayi, omwe ndi mlongo wawo, anangoti, "Zaka zonsezi, kabokosi basi?"

M'kabokosimo munali tiasilikali. Tianthu tosapitirira chala changa chachikulu, tina titanyamula mfuti, tina mbendera, tina titakwera akavalo. Munalinso timabotolo ta penti tonga ta mankhwala a m'maso, maburashi owonda kuposa udzu wa tsache, ndi galasi lokuza zinthu. Amalume anafotokoza bwinobwino. Ku Joniko ankasamala maluwa kwa mzungu wina wachikulire, amene Loweruka lililonse ankaitana anzake, n'kuyala tiasilikaliti patebulo, n'kumatimenyanitsa nkhondo ndi tepi yoyezera komanso timiyala ta madontho. Manja a bwanayo atayamba kunjenjemera, anaphunzitsa amalume kupenta. Tsiku lobwerera kwawo anawasiyira kabokosiko.

Anthu anamva, koma akanakhulupirira ndani? Mzungu wandevu zake, wagalimoto, kumaseweretsa tizidole ndi madoda anzake? Aaa, iyayi. Abiti Juma, mayi woyandikana nafe, ndi amene ananena pachitsime zimene aliyense anali nazo mumtima: "Zija ndi ndondocha. Anakakhwimira kuja kuti zizimubera chimanga m'nkhokwe zathu."

Amalume nawo sanadzithandize. Anatenga chikwanje n'kuboola khoma la kanyumba kawo, n'kuikapo zenera lalikulu mbali ya kummwera. Tsono kummwera kwa nyumba zathu ndi kumene kuli manda. Ife ana tinkauzidwa kuti ukangoloza kumanda chala chimapindika, koma iwo n'kutsegulirako zenera lathunthu! Amayi atawafunsa, anayankha kuti dzuwa lolowa mwachindunji limanamiza maso, mthunzi wake sukhazikika, ndipo nyali ya parafini imasandutsa chilichonse chachikasu. Mbali ya kummwerayo ndi yokhayo imene kuwala kumakhala kofanana kuyambira mmawa mpaka masana. Amayi anagwedeza mutu ngati amva. Atafika kukhitchini anayamba kudziyankhula m'Chiyao, ndipo akatero tinkadziwa kuti zinthu zavuta.

Inali nthawi ya holide, ndiye ntchito youzonda inagwera ine. Mmawa uliwonse ndinkatenga lichero la chinangwa n'kukakhala pakhomo pa amalume ngati ndikusenda. Madzulo amayi ankandikokera kuseri kwa nkhokwe: "Waonako chiyani lero?"

Zoona zinalipo zambiri, ndipo chilichonse chinkaoneka chaufiti. Kamsilikali katsopano ankayamba akapaka penti yakuda thupi lonse, bii, n'kukasiya kaume. Sankakagwira ndi zala. Ankakamata pachitsekerero cha botolo, n'kumagwira chitsekererocho. Penti ankaisungunula ndi madzi papepala loyalidwa pakansalu konyowa m'mbale, mpaka ikhale ngati mkaka, n'kupaka kawiri, katatu, kanayi malo amodzimodzi. Nsonga ya burashi ankainyambita kuti isongoke. Nthawi zina ankapukuta burashi mpaka kutsala pang'ono kuuma, n'kumakasisita pang'onopang'ono, ndipo mabatani ndi mapindo a malaya ankangotulukira okha. Burashi yawo yaing'ono itatha, anagwira mphaka wathu n'kumeta tiubweya ta kumchira, n'kutimangirira pakamtengo ndi ulusi. Nkhani ya mphakayo amayi anaimva atagwira pakamwa.

Ine ndinkathira nsinjiro, sindibisa. Kunyambita burashi ndinkati akudyetsa tiasilikalito malovu. Kung'ung'udza kwawo ndinkati akuyankhula nato. Ndinkasangalala kuti amayi akundimvetsera ngati munthu wamkulu. Komatu amalume akandipatsa galasi lija kuti ndisuzumire, mtima unkagunda mwamtundu wina. Kamunthu kochepa ngati mtedza kali ndi ndevu, lamba, ngakhale dothi kunsapato! Ankandiuza kuti, "Asiyatu, usamafulumire. Penti yochepa kangapo imaposa yambiri kamodzi." Ndinkavomera, maso ali pakabokosi kuti ndiwerenge ngati tonse tilimo.

Maso ndi amene ankakhala omalizira. Amalume ankagwira mpweya, zigongono atazitsamiza patebulo, n'kudontheza kadontho kamodzi. Sabata imene anaika maso pa kamsilikali konyamula mbendera, kamene anakagwirira ntchito masabata atatu, mlongo wanga Yusufu anadwala malungo. Thupi moto, kubwebweta. Amayi anapita naye kuchipatala n'kulandira mankhwala, koma pobwerera anakumana ndi Abiti Juma panjira. Atafika kunyumba sanakhale n'komwe pansi. "Lachisanu amalume ako akapita kumzikiti, ukanditengere kamodzi."

Chitseko anali atakhoma. Ndinazungulira kuseri, msana kumanda, n'kupisa dzanja pazenera lomwe lija. Chimene ndinakhudza ndi kamsilikali ka mbendera kaja. Ndinakakulunga m'tsamba la chinangwa kuti kasandilume, n'kuthamanga osacheuka.

Amayi anakapana ndi timitengo tiwiri n'kukaponya pamoto, Abiti Juma ali chilili pakhomo la khitchini. Tinayembekezera kuti kalira kapena kudumpha. Kanangopindika khosi, mbendera n'kufota, n'kuyamba kudontha. Utsi wakuda unadzaza khitchini, ndipo fungo lake ndinalidziwa nthawi yomweyo: fungo la jumbo, lomwe tinkalimva tsiku lililonse poyatsa mbaula. Anali pulasitiki basi. Ndinayang'ana amayi, ndipo ndinaona kuti nawonso mphuno yawo yawauza zomwezo. Koma Abiti Juma anali atayamba kale kuwomba m'manja: "Mwamva kulira kwake? Mwamva?" Amayi sanatsutse. Inenso ndinatseka pakamwa.

Yusufu anadzuka Lamlungu n'kupempha phala. Mankhwala a kuchipatala palibe anawatchulanso. Mudzi wonse unadziwa kuti mwana wachira chifukwa ndondocha yapsa.

Amalume sanakalipe, ndipo zimenezo ndi zimene zinandipweteka. Anafunafuna pansi pa tebulo, anasesa nyumba yonse, kenako anamva nkhani kwa anthu ngati wina aliyense. Akuluakulu a banja atawaitana n'kuwauza kuti atseke zeneralo ndi kutaya kabokosi, anakanda dothi okha n'kumata bwinobwino. Kabokosi anakana. Mwezi usanathe anakwera galimoto ya ku Balaka, kumene anayamba kulemba zikwangwani za magolosale ndi mabarbashopu. Mwinimbumba wathu anachoka chomwecho, ndipo pamaliro pokha ndi pamene tinkawaona.

Lero zinthu zinasintha. Ku Chikweo nyumba za malata zili ndi mababu a sola, mazenera amaloza kulikonse kumene mmisiri wakonda. Chaka chatha mwana wanga anandionetsa pafoni azibambo akuluakulu, azungu ndi akuda omwe, atazungulira tebulo la tiasilikali, wina akunyambita burashi pansi pa nyale yoyera. Mwanayo ankaseka. Ine ndinamva manyazi.

Panopa nanenso ndimakhala ku Balaka, ndimagulitsa zitenje. Ndinagula shuga ndi buledi n'kupita kwa amalume. Akalamba, maso achita nkhungu, zikwangwani anasiya. Ndinagwada n'kuwauza zonse, kuyambira lichero la chinangwa mpaka tsamba lokulungira. Ndinkaganiza kuti aseka, kapena anena kuti ankadziwa kalekale. Ayi ndithu, sankadziwa. Zaka zonsezi ankaganizira anyamata a kwa Abiti Juma.

Anapapasa pepala la buledi. Za kamsilikali sanafunse n'komwe.

"Ndiye mmawa monse muja unkabwera pakhomo panga," anatero, "sunkabwera kudzaona penti?"

Ndinkafuna kunena kuti ndinkabwerera zonse ziwiri, ndipo chikanakhala chilungamo. 

"Ine pamudzi ponse paja ndinkati ndili ndi munthu mmodzi," anatero amalume. Kenako anaitana mkazi wawo kuti andiphikire tiyi.